Kavalo wosadziwa kukhota

Amuna anga, a Eulogio Maidana, pansi sadziwa kuyenda. Ndawauzapo pamaso kangapo ndipo satsutsa. Miyendo yawo inapindika akadali mwana, chifukwa pafamu ya ng'ombe pamene anabadwira, kufupi ndi tauni ya Curuzú, akuluakulu anaona kuti kamwanako n'kopepuka, n'kuyamba kukakweza pa akavalo a mpikisano kasanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Kuyambira pamenepo moyo wawo wonse wathera pamsana pa kavalo. Anathyokapo phewa, nthiti kangapo, ndipo mano awo akutsogolo anatsala m'dothi la bwalo lina la mpikisano ku Mercedes. Ine ndine Ercilia. Ndinakwatiwa nawo ndikudziwa zonsezi, choncho palibe amene ndingamudandaulire.

Mipikisano ya kwathu kuno ndi ya akavalo awiri basi, njira yaifupi yowongoka, waya pakati. Palibe belu kapena mfuti. Okwera awiriwo amayendetsa akavalo mbali ndi mbali, akuberana maso, ndiye mmodzi akaona kuti afanana amafunsa kuti, "Tiye?" Mnzakeyo akangoyankha kuti "Tiye!" mpikisano wayamba pomwepo. Munthu ukhoza kukhala chete ngati kavalo wako sanaponde bwino, koma ukachita zimenezo kawiri katatu anthu amayamba kukuwowoza, ndipo dzina la mantha silichoka msanga. A Eulogio ankanyadira chinthu chimodzi, chakuti chiyambire sanasiyepo "tiye" wa munthu kuti agwe pansi.

Tsitsi litatuwa anasiya mipikisano n'kuyamba ntchito yophunzitsa ndi kulimbitsa akavalo kukhola la Don Aníbal Sotelo. Tinapatsidwa kanyumba kuseri kwa kholalo. Ine ndinkaphika, kuchapa, ndi kuthandiza pamene pachepa manja. Kumeneko ndi kumene kunabadwira Pororó, kavalo wamphongo wofiirira, amene a Eulogio anamulandira ndi manja awo mayi ake akubereka. Dzinalo limatanthauza mbuliwuli, ndipo linamukhala, chifukwa kuyambira tsiku loyamba ankangodumpha ngati chimanga mumphika wamoto. Ankaluma anzake, n'chifukwa chake anamumangira chipinda chakechake kutsidya kwa bwalo. Munthu wina aliyense akamukwera ankatsika mofulumira kuposa mmene wakwerera. Ndi a Eulogio okha amene ankamvana naye, ndipo anamuphunzitsa liwu lija bwino kwambiri moti ngakhale ine ndikaiwala n'kuitana kuti "tiyeni tikadye" pafupi ndi chipinda chake, chitseko chinkalira.

Matenda anabwera ndi kavalo wamkazi amene Don Aníbal anagula kumsika wa ziweto. Anayamba ndi mamina, kenako kukana chakudya. Dokotala wa ziweto, mayi wamfupi dzina lake Griselda, anapapasa pansi pa chibwano chake, ndipo sanazungulire.

"Ndi mokiyo ameneyu, matenda opatsirana a akavalo. Khola lino ndalitseka. Palibe kavalo wotuluka, palibe wolowa, mpaka ine nditanena."

"Mpaka liti, adokotala?" anafunsa a Eulogio.

"Mpaka womaliza kudwala atauma mphuno, kenako tidikirenso. Musandifunse tsiku, Don Eulogio, sindine mneneri."

Anamanga unyolo pageti, n'kukoka chingwe chachitali kudula bwalo pakati. Uku odwala ndi onse amene anamwera nawo madzi, uko Pororó yekha. Wantchito mnzathu Nicanor tsiku limenelo anali atapita kwawo, ndiye anatsekeredwa kunja, ife awiri n'kutsekeredwa mkati.

"Matendawa alibe mapiko," anatero dokotalayo. "Amakwera pamanja, pamalaya, pandowa, pansapato. Wogwira odwala asakhudze wabwinoyo, ngakhale chingwe chake. Asakhudzenso munthu amene akumusamala."

"Ndiye kuti mayiwa ndisawakhudze?" anafunsa a Eulogio.

"Musawakhudze."

"Lamulo limeneli mukanabwera nalo ndili mtsikana, adokotala," ndinatero ine.

Anaseka onse, koma kuseka kwake kunathera tsiku lomwelo. Ine ndinatenga mbali ya odwala, a Eulogio anasamukira m'kachipinda kosungira zishalo pafupi ndi Pororó. Chikho chathu cha yerba, tiyi wowawa wa kwathu kuno, chimene tinkapatsirana m'mawa uliwonse, chinatsala kwa ine, iwo n'kupeza chawo. Ankadziphikira okha, ndipo fungo la nyama yopserera linkandipeza tsiku ndi tsiku kutsidya kuno kwa chingwe.

Akavalo anga anagwidwa mmodzimmodzi. Amene anaonako mokiyo akudziwa: zotupa pansi pa chibwano zimene zimakula mpaka kuphulika, mafinya achikasu, mutu uli zyoli, madzi akutulukira m'mphuno akamamwa. Ntchito yake ndi yonyansa koma ndi yodekha. Mavuto enieni anali kwa wabwinoyo.

Kavalo ngati Pororó, amene anazolowera kuthamanga m'mawa uliwonse mpaka thovu, sungamutsekere m'chipinda n'kumuuza kuti apirire. Masiku oyamba ankangozungulira. Kenako anayamba kutafuna matabwa. Kenako anayamba kumenya khoma ndi miyendo yakumbuyo, gu! gu! gu! kuyambira mbandakucha, moti fumbi linkagwa kudenga la nyumba yathu. Anamuchepetsera chimanga, koma sizinathandize. M'mawa wina a Eulogio anatuluka m'chipindamo manja ali magazi. Anali a kavaloyo, wadzicheka pamfundo ya mwendo.

Dokotala Griselda anabwera, n'kuima kunja kwa geti.

"Jakisoni wogonetsa ndingamubaye lero, koma sindingamubaye tsiku lililonse. Akapitiriza kumenya khomalo athyola mwendo, ndipo inu mukudziwa chimene timachita ndi kavalo wothyoka mwendo."

A Eulogio ankadziwa. M'makhola onse amene anagwiramo, ntchito yopha kavalo wotere inkagwera iwo, chifukwa dzanja lawo silinkanjenjemera.

"Ameneyu ayi," anatero. "Ameneyu sindingathe. Ndiloleni ndizimukwera."

"Kubwalo la mpikisano sangapite."

"M'kamunda ka kuseriko."

Dokotalayo anakayang'ana kamundako, n'kupukusa mutu, kenako anavomera. Kuyambira pamenepo nkhani yonse pakhomo pathu inali imodzi, yakuti Pororó afike tsiku lotsegula geti ali moyo ndi miyendo yake inayi.

Kamundako kanali kodyetseramo ana a ng'ombe, kakang'ono, kotalika mbali imodzi. Mbali yaitaliyo inkatsata msewu wafumbi, pakati pali mpanda wa waya. Kumapeto kwake mpandawo unkakhota pamtengo waukulu wa pangodya, pafupi ndi chomwera ziweto chimene chinkadontha n'kupanga matope, ndipo kuseri kwake kunali ngalande. Kwa kavalo wokoka ngolo malo amenewo ndi okwanira. Koma Pororó anaphunzitsidwa kuti dziko ndi mzere wowongoka. Sanakhotepo akuthamanga chibadwire, ndipo kavalo wotere akatsegula liwiro amafuna mtunda wina wofanana kuti aime. M'kamundamo mtunda umenewo munalibe.

Choncho tinapangana zinthu ziwiri. Kavaloyo aziyenda ndi kudumphadumpha mozungulira, asathamange ngakhale pang'ono. Ndipo liwu lija lisatuluke pakamwa pa munthu. Tinkati "tinyamuke", "tidzipita", "yendani". Mungaseke, koma yesani kukhala tsiku limodzi osanena "tiye" muone.

Tsiku loyamba kumukwera ndinasiya ndowa n'kukaima pachingwe changa. Pororó anatuluka m'chipinda ndi miyendo iwiri, yakutsogolo ili m'mwamba. A Eulogio anamulola atsike, n'kulumphira pamsana asanaganize zina. Kavaloyo anayenda cham'mbali ngati nkhanu, khosi litapindika, chitsulo cha m'kamwa chikulira m'mano. Akafika pokhota ankaima njo, kunjenjemera thupi lonse, osamvetsa chimene akufunsidwa. A Eulogio ankamuyankhula chapansipansi, kumunyengerera, kumutukwana pang'ono, kumunyengereranso. Pamene ankatsika, malaya awo anali atanyowa ngati agwa mumtsinje, koma kavaloyo anali asanatope n'komwe.

Zinapitirira choncho m'mawa ndi madzulo. Zikhatho zawo zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Tsiku lina ndinawaona akulephera kufikitsa chikho pakamwa chifukwa cha kutopa kwa mikono.

"Nkhalamba inu, mudzafera kavalo," ndinakuwa.

"Nanga ndifere chiyani? Kuphika kwangaku?"

"Mumuuze bwana wanuyo atumize mnyamata wamphamvu."

"Abwere adzathyoke khosi pano? Samala zotupa zakozo, mayi, za kuno uzisiye."

Don Aníbal ankaimba foni kuchokera m'tauni. Funso lake linali limodzi: kavalo wanga ali bwanji, sakunenepa? Za manja a munthu sanafunsepo. Ine ndinkaopa, ndinene mosabisa. Nthawi iliyonse a Eulogio akamapita kukamundako ndinkagwira ntchito khutu lili kumeneko. Koma pang'ono ndi pang'ono kumenya khoma kunachepa. Pororó anayamba kukhota, mokwiya, mokakamizidwa, komabe ankakhota. Odwala anga ambiri anayamba kudya. Tinayamba kuyankhula za tsiku lotsegula geti, kuiwala kuti akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Linali Lamulungu masana, mphepo yotentha ya kumpoto ikuwomba, ija imapengetsa akavalo ndi anthu omwe. Ine ndinali ndi wodwala wanga womaliza, kavalo wokalamba amene chotupa chake chinachedwa kupsa. Ndinachithowa ndi nsalu yamoto, ndipo chinaphulikira m'manja mwanga. Mafinya anafika m'zigongono, ena pachifuwa pa epuloni. Ndikuyang'ana madzi osamba, ndinamva mawu kumsewu.

Anali Ceferino Alegre, mnzawo wa a Eulogio wa pabwalo, amene anapikisana naye kuyambira unyamata. Ndi amene anaimira mwana wathu wamkazi paubatizo, choncho sindinganene kuti ndi mdani. Koma ndi munthu wapakamwa, ndipo tsiku limenelo ankachokera kokawotcha nyama, vinyo ali m'mutu. Anali atakwera kavalo wake wamkazi watsopano, wakuda, wamiyendo yaitali.

"Chamigo! Bwanawe!" anakuwa. "Ndamva kuti mwatsegula sukulu ya magule! Akuvina chiyani kavaloyo?"

"Talikira mpandawo, Ceferino. Kuno kuli matenda."

"Ndili pamsewu wa boma ine. Kapena bwana wakoyo wagulanso msewu?"

"Pita kwanu ukagone, mdala."

"Kumowa akuti Maidana watha. Akuti masiku ano amangozungulira ngati galu wofuna pogona. Ine ndakuikira kumbuyo, ndati ayi, munthuyo akadali ndi mano awiri."

A Eulogio anaseka. Ndinawamva, ndipo kusekako sikunandisangalatse, chifukwa kunali kwa pabwalo, osati kwa pakhomo. Ndinayenda mpaka pachingwe changa, manja ndili tambalale kuti asandidonthere. Pororó anali atamva fungo la kavalo wamkaziyo, makutu ali njo. Anali atangokhota kumunsi kwa kamundako n'kuyamba kukwera mbali yaitali ija, ndipo Ceferino kunjako anatembenuza wake n'kuyamba kuyenda nawo limodzi, akupitiriza zachipongwe zake.

Apo ndi pamene ndinaona chimene chinali pamaso panga. Akavalo awiri mbali ndi mbali, mitu yofanana, waya pakati, kutsogolo kowongoka. Okwera awiri akuberana maso. Aliyense wobadwira kuno akanadziwa kuti chimenecho n'chiyani, ndipo akavalowo anadziwa ine ndisanadziwe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe.

"Tiye?" anatero Ceferino, mwanthabwala chabe, mano ali pamtunda.

"Tiye!"

Pambuyo pake a Eulogio anandilumbirira kuti sanadzimve akuyankha. Ndikuwakhulupirira. Mutu wawo unkadziwa za ngodya ndi ngalande, koma pakamwa panali patayankha funso limenelo moyo wonse osadikira mutu.

Pororó anaphulika. Mphamvu zonse zimene anasunga m'chipinda muja zinatuluka nthawi imodzi, dothi n'kuulukira m'mwamba. Sindinaonepo kavalo akunyamuka chonchija, ndipo pena ndimachita manyazi kuti m'kati mwa mantha anga ndinaona kuti zinali zokongola. Wakuda uja anatsala pomwepo. Koma mtengo wa pangodya unkabwera.

A Eulogio anakoka zingwe, osaphula kanthu. Kenako ndinawaona akutaya chingwe cha kumanja, n'kugwira cha kumanzere ndi manja onse awiri pafupi ndi pakamwa, n'kudziponya okha kumbali, thupi lonse likulendewera pakhosi pa kavaloyo. Mutu wa Pororó unapindikira m'mbali koma miyendo inkapitabe kutsogolo. Anafika pamatope a chomwera chija ali chopingasa, ziboda zinaterereka, ndipo anagwa chammbali, phi! a Eulogio ali pansi pake. Anakhuluzika limodzi mpaka kukagunda mpanda. Nsichi imodzi inathyoka, mawaya awiri n'kuduka, twa!

Chingwe cha dokotala ndinachidumpha osadziwa kuti ndachidumpha.

Pamene ndinkafika Pororó anali atadzuka. Ndinaponya maso kumiyendo yake, yonse inayi inali pansi. Anali wefuwefu, matope mbali yonse, maso oyera ali tong'o. A Eulogio anali thapsa m'matope, mwendo umodzi utaloza kumene mwendo suloza. Ndinalunjika kwa iwo.

"Kavalo!" anakuwa. "Ndisiye ine, ona kavalo!"

Ndinacheuka. Mpanda unali utatseguka, ndipo waya wodukayo anali atapotana pansi ngati msampha, pakati penipeni pa Pororó ndi msewu. Kutali kumsewuko kavalo wamkazi wa Ceferino ankalira akulimbana ndi mwini wake. Pororó anamuyankha, n'kuponda kamodzi cha kumeneko. Waya wotere akakola mwendo wa kavalo wamantha, kavaloyo amakoka, ndipo waya amadula mpaka fupa. Ndinatambasula dzanja.

"Ayi! Osati ndi manja amenewo! Ercilia, usamukhudze!"

Ndinayang'ana manja anga. Mafinya anali atayamba kuuma m'mphepete mwa zala, koma m'zikhatho anali akadali onyowa. Madzi a m'chomwera anali kumbuyo kwa kavaloyo, ndipo kuti ndikafikeko ndikanamukankhira ku waya. Panalibenso munthu wina. Pororó anapondanso kachiwiri, chiboda chake n'kugunda wayayo, waya n'kugwedezeka.

"Mugwireni nokha ndiye!" ndinakuwa.

Anayesadi, mutu wouma uja. Anadzikoka ndi zigongono, n'kukuwa mawu amene sindinawamvepo kwa iwo, n'kugweranso m'matope.

Ndinamugwira. Chingwe chinali chachifupi, ndipo atangomva kukoka anaponya mutu m'mwamba kufuna kuimirira. Njira yomukhazika inali imodzi yokha, imene ndinaona a Eulogio akuchita kambirimbiri. Ndinaika chikhatho pamphuno pake penipeni, n'kukanikiza, ndikumuyankhula. Ndinamva mpweya wake wotentha ukukoka m'zala zanga. Anatsitsa mutu, n'kunyambita milomo. Ndinamubweza chambuyo pang'onopang'ono mpaka titatalikira wayayo. Kumbuyo kwanga a Eulogio anali atasiya kukuwa, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kukuwa.

Ceferino anabwerera wapansi, vinyo yense atathawa m'mutu, nkhope ili mbuu. Ndinamuuza aimbe foni kuchipatala, ndipo akatha amange mpandawo ali kunja komweko, asayerekeze kuponda mkati. Mawu ena amene ndinamuuza si olemba.

Linali fupa la m'chiuno, lothyoka pawiri. Anawatengera kuchipatala cha m'tauni, ine n'kutsala ndekha ndi khola lonse. Dokotala Griselda anabwera madzulo omwewo, tinatsuka mphuno ya Pororó ndi mankhwala, ngakhale tonse tinkadziwa kuti tikutsuka mochedwa.

"Mwina apulumuka," anatero. "Si onse amene amatenga."

Mwana wathu ndi amene ankawadikirira bambo ake kuchipatala, ndipo ankandiimbira tsiku lililonse. Ndikapempha kuti awapatse foni, ankati agona. Munthu amene sanagonepo masana moyo wake wonse! Tsiku lina ndinamuuza kuti angoika foniyo pakhutu pawo, afune asafune.

"Ndikudziwa kuti mukumva," ndinatero. "Mukwiye mmene mungathere. Koma amene anayankha Ceferino si ine. Ndipo mukadzagwanso mawa, ndidzamugwiranso ndi manja omwewa."

Kenako ndinamva mawu awo, ang'onoang'ono.

"Wadya?"

"Ndani, ine kapena kavalo?"

"Kavalo."

"Wadya."

Anadya masiku angapo otsatira. M'mawa uliwonse ndinkasamba, kusintha zovala, n'kupita kukamuyeza kutentha kwa thupi. Ankandilandira ndi makutu ogona ndi mano, ndipo ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha mwano wakewo. Ndiye m'mawa wina sindinamve khoma likulira. Ndinamupeza ataima pakona, mutu pansi, chakudya chili chikhalire. Ndinamugwira khosi ndipo sanandilume. Ndinakhala pandowa n'kulira.

Anadwala kuposa onse. Zotupa zake sizinatulukire kunja ngati za anzake, zinakulira mkati mwa mmero, moti kupuma kwake kunkamveka pageti ngati munthu akucheka thabwa. Panali tsiku limene dokotala anaima ndi mpeni m'manja, wokonzeka kuboola pakhosi kuti mpweya uzilowera pamenepo. Ndinamuthowa, kumufukiza nthunzi ya masamba a bulugamu, kumumwetsa phala la madeya ndi botolo. Kavalo amene sankalola munthu anagoneka mutu wake paphewa panga, wolemera ngati thumba la chimanga. Ndikamaimba kuchipatala sindinkanama. A Eulogio ankangofunsa kuti, "Waima?" ine n'kuti waima, iwo n'kubweza foni.

Chotupacho chinaphulika chokha, ndipo anachira. Mnofu unabwerera, ubweya unayambanso kuwala, anayambanso kuluma. M'bindikiro unatalika chifukwa cha iye, koma tsiku linafika, dokotala anamasula unyolo pageti n'kukulunga chingwe chake. Nicanor anabwerera kuntchito. Ndi iye amene anayamba kumuthamangitsa pachingwe chachitali, ndipo atangozungulira kawiri tonse tinamva. Pororó akakoka mpweya pankamveka kamluzu, fyii, fyii, kochokera mkati mwa mmero. Nicanor anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Kavalo woimba mluzu amakhala ndi moyo zaka zambiri, koma mpweya wa mpikisano alibenso.

A Eulogio anabwera kunyumba ali ndi chitsulo m'chiuno ndi ndodo ziwiri za m'khwapa. Madokotala anali atawauza kale kuti za kukwera aiwale. Nkhani ya mluzu sindinawauze, ndinasowa poyambira. Anatsika galimoto, osalowa n'komwe m'nyumba, n'kudzikoka mpaka pabwalo.

"Nicanor, mutulutse. Muthamangitse."

Anamvetsera maso ali otseka. Atamuimitsa, anasendera pafupi n'kutsamiritsa khutu pakhosi pa kavaloyo, ndipo Pororó, amene sanaimepo malo amodzi, anaima.

Don Aníbal anafika tsiku lomwelo, atavala nsapato zake zoyera za m'tauni. Nayenso anamvetsera, kuzungulira kumodzi kokha, n'kulavula.

"Zatha apa. Kavalo wabwino ngati ameneyu, mwamusandutsa wenzulo." Anayang'ana ndodo za a Eulogio, kenako ine, ndipo mwina anaona china chake pankhope panga, chifukwa mawu amene ankabwera anawameza. "M'nyumbamo khalanibe, muziyang'anira Nicanor. Kavaloyu ine ndilibe naye ntchito. Ndi wanu, mdala. Chitani naye zimene mukufuna, bola asamadye chimanga cha othamanga."

Analowa m'galimoto n'kupita. Nicanor anandipatsa chingwe n'kuzemba, ngati wakumbukira ntchito ina.

A Eulogio anatembenukira kwa Pororó. Munthu ameneyu anakwera akavalo osawerengeka, anapambanitsa mabwana a chigawo chonse chino, koma chibadwire anali asanakhalepo ndi kavalo wakewake, ngakhale bulu.

"Ercilia, wamva?" anatero. "Akuti ndi wanga."

Anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka china chimene sindinafune kuti Nicanor achione, ndiye ndinaima mowatchinga. Ndinawapatsira chingwe chija kuti agwire kavalo wawo. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana manja awo, onse awiri ali pandodo. Ndinachikulunga padzanja lawo lamanja n'kuchigwirizira ndi langa kuti Pororó akakoka asawagwetse.